Kudikira Malonje pa Chiamhariki ndi Chibodo

Lolemba, 22 Epulo 1996

Aphunzitsi a za zilankhulo akuti pepala langa lomaliza lifike Lachisanu, 5 koloko madzulo. Likapanda kufika, gauni sindivala Meyi uno. Amayi kumudzi asoketsa kale diresi ndi duku lake, visa apeza, akungodikira tsiku lokwera ndege.

Ntchito yake ndi kuyerekeza zilankhulo ziwiri zopanda chibale, ndi kujambula pa kaseti mawu zana a chilichonse kuchokera m'kamwa mwa eni ake. Anzanga asankha Chisipanishi ndi Chikoreya, zongotola pamsewu. Ine matama: Chiamhariki cha ku Ethiopia ndi Chibodo cha ku Assam, ku India. Aphunzitsi anachita kuvula magalasi.

Zimene ndili nazo:
- makaseti awiri atsopano ndi mabatire
- Amayi Almaz, nesi wamkulu kunyumba ya okalamba kuno ku Laurel, komwe ndimagwira ganyu
- Bambo Daimari a ku Annandale, amene amagwira ntchito ndi mnzanga wa kutchalitchi

Onse awiri ndawaimbira kuti ndikufuna kudzawaona. Nkhani yeniyeni sindinaitchule. Munthu wamkulu sapemphedwa chinthu pafoni.

Lachiwiri

Laibulale. Mabuku a Chiamhariki shelufu yonse. Ka Chibodo kamodzi, kopyapyala ngati khadi la kusikelo.

Zomwe ndapeza:
- zonse ziwiri mneni zimauika kumapeto, ndiye uyenera kudikira munthu amalize kuti udziwe ngati akukupatsa kapena akukulanda
- Chiamhariki chili ndi zilembo zakezake, zoposa mazana awiri!
- Chibodo chimalembedwa ndi zilembo ngati za Chihindi, zolendewera pamzere ngati zovala pachingwe
- m'Chiamhariki “iwe” wa mwamuna ndi wina, wa mkazi ndi wina
- Chibodo chimakweza ndi kutsitsa mawu monga Chichewa, Chiamhariki ayi

Kwatsala kujambula basi. Zamasewera.

Lachitatu

Landover, kwa Amayi Almaz. Moni, moni, ana ali bwanji, kumudzi akuti bwanji. Ndakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama cha wailesi ya kaseti pamiyendo, kudikira malonje. Kwathu mlendo sayamba yekha. Moni akatha, mwininyumba amafunsa kuti kaya kwagwanji, ndiye iwe umamasula chimene wadzera.

Malonje osabwera. Kwabwera khofi. Akukazinga okha, kusinja okha, lubani akufuka pambali. Kapu yoyamba. Yachiwiri. Ndikati ndisunthe: “Yachitatu ndiyo ya madalitso.” Kenako chakudya, ndipo apongozi awo akundidyetsa ndi dzanja lawo mpaka m'kamwa. Munthu sungatchule za sukulu masaya atatupa.

Maola anayi! Pondiperekeza: “Udzabwerenso, mwana wanga.”

Mawu ojambulidwa: ziro. Mtima ukuthamanga ndi khofi.

Lachinayi

Annandale. Mabasi awiri ndi sitima. Lero ndachenjera. Chikwama ndaika patebulo, zipi ndatsegula pang'ono kuti wailesi ioneke, ndakhosomola kawiri. Akazi a Bambo Daimari achichotsa mwaulemu kuti aikepo tiyi.

Kenako kamtedza kouma kokulunga m'tsamba. Akuti kwawo ndiwo ulemu wa mlendo. Ndatafuna. Malovu afiira, makutu atentha, kabati yayamba kuyenda.

Mafunso alipo, koma osakhala la malonje lija. Malawi ali mbali iti? Madzi mumati chiyani? Nanga moto? Nanga galu? Bamboyo akulemba m'kope, kumwetulira. Ndawapatsa mawu a Chichewa makumi atatu. Apa mpata wobweza funso unalipo, koma kamtedza kaja kanali katamanga lilime.

Iwo makumi atatu, ine ziro. Ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachisanu

Ndapereka masamba asanu ndi limodzi ndi makaseti awiri osamatula. Aphunzitsi: “Bwanji simunangowafunsa?”

Ndafotokoza za malonje. Amvetsera mwachidwi, alemba m'kabuku kawo, akuti mwambo wosangalatsa zedi. Kenako: “Phunziroli mubwereza. Gauni mudzavala mu Disembala.”

M'basi ndalira pang'ono, kuyang'ana pawindo.

Loweruka

Belu! Amayi Almaz, atanyamula buledi wamkulu ngati lichero. Ola lisanathe, belu linanso: Bambo Daimari ndi akazi awo. Sadziwana, sanapangane. Moni, moni, ndiyeno ine monga munthu woleredwa: “Kaya kwagwanji?”

Ayang'anana. Akuti mitima sinakhale m'malo. Munthu kuyenda ulendo wonse uja atakumbatira chikwama, n'kubwerera osanena kanthu! Wina ankaganiza kuti kwathu kwagwa maliro, wina kuti ndi za mapepala a imigireshoni.

Ine: nanga bwanji simunandifunse?

Amayi Almaz: “Kufunsa mlendo chimene wadzera? Kumeneko n'kumuthamangitsa!” Bambo Daimari akuvomereza ndi mutu, akazi awonso. Kufanana kumeneku m'mabuku a kulaibulale munalibe.

Ndamatula makaseti aja, popeza aphunzitsi anandibwezera. Mawu zana a Chiamhariki, zana a Chibodo. Mphindi makumi anayi, kuphatikizapo kuseka ndi kudula buledi.

Lamlungu

Ndaimbira Amayi kumudzi, pafoni ya kwa abusa. Ndafotokoza zonse, kuyambira khofi mpaka Disembala. Kenako iwo:

“Sanakufunse malonje? Nyumba zonse ziwiri? Anthu otani amenewo? Iwe unachita bwino, mwana wanga. Sunatichititse manyazi.”

Akuti diresi aliika m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete, lidikira. Akufunsa ngati Disembala kunonso kumatentha ngati kwathu, chifukwa telala analisoka la manja aafupi.

Ndati kumazizira pang'ono.

Zofunika:
- kulembetsanso phunziro
- kubisa makaseti poti sangasowe
- jekete la Amayi, lalikulu, lofika m'mapazi

Diresi lija palibe adzalione.