Mapanga Awiri a Malume Gedisoni

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo unayambira m'nyumba muno. Wina akakuuzani kuti ndi wa makolo akale, mumutumize kwa ine.

Agogo anu a Lufeyo, bambo anga, ankaphunzitsa kwaya. Atamwalira anasiya kompyuta yakale momwe munali nyimbo makumi anayi zimene anajambula ndi mawu awo. Kwina kulikonse kunalibe. Tinapangana kuti tidzawamve akuimba tsiku lovundukula chiliza chawo.

Koma disiki yosunga zinthu m'katimo inayamba kulira kuti tche-tche-tche. Ine wolekezera Sitandade 7 ndinati tigule kafulashi, kachipangizo kosungira zinthu za m'kompyuta, tikoperemo nyimbozo msanga.

Malume anga a Gedisoni, amene anagwirapo ulonda pa ofesi ina ya makompyuta ku Lilongwe, anaseka.

"Iwe Yotamu, mawu a munthu wamkulu angakwane m'kanthu konga chala? Wodwala apa ndi Windozi, pulogalamu ya m'katimu. Tiikemo Linaksi, mnzake woyendetsa kompyuta, wosagwidwa matenda."

"Nanga kuliraku, malume?"

"Ndi Windoziyo akubuula. Paja sukulu unalekezera pati?"

Amayi anati, "Achimwene, bwanji tiyambe tapulumutsa nyimbozo?"

"Chemwali, sititaya kanthu. Disikiyi tiigawa pawiri, Windozi uku, Linaksi uku. Mmodzi akafa, alamu athawira kwa mnzake. Mapanga awiri!"

Malume anayamba Loweruka m'mawa atavala magalasi a malemu. Disiki inalira mpaka masana, iwo akuigawabe. Atamaliza, kompyuta inafunsa: Windozi kapena Linaksi? Anasankha Windozi, panada bii. Anasankha Linaksi, panada bii. Kenaka kulira kuja kunati zii.

"Mwamva? Yachira!" anatero, n'kuitanitsa tiyi.

Sinayakenso. Lolemba ndinapita nayo kwa wokonza makompyuta kuboma. Anati mapanga onsewo anakumbidwa m'thanthwe limodzi logumuka, ndipo kugawa kuja ndi kumene kunaimaliza.

"Mukanabwera Lachisanu ndi kafulashi, akulu, inali ntchito ya mphindi khumi."

Tsiku la chiliza, malume anati mwambo sungaime chifukwa cha makina, ndipo anaimba okha nyimbo za bambo. Zitatu. Mwawamvapo akuimba, sindiwonjezera. Anthu anawaombera m'manja, ndipo mpaka lero kompyuta ikavuta pamudzi pano amaitana iwowo.

Amayi sanaombe. Anavula alongo awo magalasi aja pamaso pa anthu, n'kuwapukuta ndi chitenje, nati:

"Achimwene, mapanga awiri avumbwitsa."