Mawu Anga pa Holo Yathu Yakale

Lolemba
Foni yochokera ku Boma! Holo ya koleji yathu yakale aikonza, tsopano ndi ya yunivesite. Akuitsegulira Loweruka, ndipo akufuna wophunzira wakale akafotokoze mbiri yake. Ineyo, mphunzitsi wopuma wa ku Mlangeni! Zokanena:
nyemba zofumbwa zimene tinkadya mmenemo;
chimanga chimene anasungamo chaka cha njala, koleji itatsekedwa;
dansi imene ndinaonerapo Nachisale, mkazi wanga.

Lachiwiri
Ndikuyeserera pabwalo. Nachisale ali pakhonde, miyendo yotupa, ulendowu sangauthe. Akundidula: "Sinali dansi, inali kwaya. Ndipo inu munkasokoneza." Dansi yachotsedwa.

Lachitatu
Jekete ikukana kumanga mabatani. Ndikuimbira a Jere a ku Kasinje, mnzanga wa tebulo limodzi, kuti tikapitire limodzi. Akuyankha mwana wawo: "Bambo tinawaika mvula yathayi." Osamva ine! Foni ndinali nayo nthawi yonseyi. Lero sindiyeserera.

Lachinayi
Mayi wa ku ofesi ya yunivesite, amene anaimba Lolemba uja, akuimbanso: "Bambo, mufupikitse. Za njala musatchule, kukubwera alendo olemekezeka." Chimanga chachotsedwa. Zatsala nyemba.

Lachisanu
Minibasi, kenako kabaza. Ndafika, koma holo sindikuizindikira. Magalasi okhaokha, matailosi oterera, khomo analisamutsira kumbuyo. Pamene tinkaima pamzere ndi mbale pali makompyuta. Ngakhale kafungo ka utsi kulibe! Mlonda akundilozera kwina: "Madala, odzalembetsa ana akupita uko." Ndagona kwa mphwanga.

Loweruka
Mlendo wamkulu wachedwa. A ingoma avina mpaka kutopa. Alankhula akuluakulu, wina pambuyo pa mnzake, onse akuti nyumbayi inali bwinja. Bwinja! Ine pepala lili m'manja, lanyowa ndi thukuta. Kenako woyendetsa mwambo: "Chifukwa cha nthawi, agogo athu angoimirira tiwaone." Ndaimirira. Aomba m'manja. Ndakhala.
Anthu ali pa zakumwa, ndalowa ndekha kufunafuna pakona pamene tinkakhala ndi a Jere. Pali mtsikana, maso pa kompyuta. "Agogo, mukufuna kutchaja foni?" Ndavomera. Foni yodzadza kale, koma ndakhalapo ndithu kanthawi.

Lamulungu
Kunyumba. Kutchalitchi sindipita, msana. Nachisale sakufunsa za mawu anga, akuona yekha pankhope. Akungoti: "Nanga mtengo wa mapichesi uja, kuseri kwa khitchini, umene munkandidikirirapo?" Pamenepo pali simenti, amaimikapo magalimoto.
Ndamuuza kuti ulipo, ndipo wabereka kwambiri chaka chino.
"Ndiye osanditengerako bwanji?"
Wakwiya mpaka madzulo.