Kamuvi Kamene Kanabweza Mkwatibwi ku Msongwe

Inu, tasunthirani kuno mumve. Mukandiona ndi kafoni kamabatani aka musamandiseke. Foni yaikulu yopalasa ndi chala ndinali nayo ine, ndipo inatsala pang'ono kumusiya mlamu wanga Tina wopanda mwamuna.

Tina ndi mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, a Lettie. Pokonza ukwati wake ndi Brave, komiti inati tipeze woimba nyimbo. Ine ndinaimirira, mimba patsogolo.

"Wa chiyani? Nyimbo zonse zili mu apu iyi. Ingobwerekani masipika."

"Adada, mukuidziwa makora, bwinobwino, foni imeneyo?" anafunsa a Lettie.

"Mayi, ine ndinakulira ku Limbe."

Nkhani inathera pomwepo. Chimene sindinanene n'choti mu apu imeneyo ndinkadziwa kulowa kokha, kutuluka ayi. Ndikatopa ndi ichi ndinkatsegula icho pamwamba pake, masamba n'kumangosanjikizana ngati mabulangete a mu Juni.

Tsikulo holo ya ku Chibanja inadzaza thothotho. Tsono panali a Mildred, amene anaphunzitsa aperekezi sitepe. Mayi ameneyo lamulo lake ndi limodzi: sitepe ikasokonekera, onse abwerere m'mbuyo akayambirenso. Aperekezi anandanda pakhomo, Tina ali pakati ndi velo yake, Brave akudikira kutsogolo kuti amulandire.

Nyimbo yolowera ndinaiika pa tsamba loyamba, pa menyu penipeni. Kungoti sabata imeneyo ndinali nditatsegulako tina ndi tina. Ndinati palibe vuto, kamuvi kobwerera m'mbuyo kalipo. Ndinadina.

Masipika anabangula: "Kodi mimba yanu yakula? Gonani chagada, kwezani miyendo!"

Holo yonse inayang'ana mimba yanga. Aperekezi, pokhala ophunzitsidwa bwino, anaponya sitepe ndithu.

"Yayi! Bwererani!" anakuwa a Mildred. Anabwerera mpaka pakhonde.

Ndinadinanso, inatuluka nyimbo ya maliro. Amayi a mvano anaweramitsa mitu n'kuyamba kuyankha, bambo wina anavula chipewa n'kufunsa kuti watisiya ndani.

"Bwererani!"

Ndinadinanso. "Chigoliii!" Azibambo anadumpha m'mipando, wina anakumbatira abusa. Kudinanso, phunziro la kawetedwe ka nkhumba, nkhumbazo zikulira ngati tikuzipha muholo momwemo. Thukuta linali kamukamu. Kenaka apu ija inandifunsa, mopanda chisoni, ngati ndikusangalala nayo, ndiipatse nyenyezi. Ndinaipatsa imodzi. Inatsegula tsamba lina kufunsa chifukwa chake!

Brave anabwera chonyang'ama.

"Alamu, pafonipo pali kanyumba pakona apo, tangodinani."

"Kameneko n'ka ofuna nyumba za lendi. Inu ndinu mkwati, kaimeni uko mumwetulire."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma za munthu wouzidwa n'kukana sananenepo, anasiyira ine. Ndinapitiriza kudina kamuvi. Panatuluka ulaliki, nyengo ya mawa, mankhwala a dazi. Kunja ndinkangomva mawu a Mildred akunka natalikira: "Bwererani! Bwererani!"

Mapeto ake chala chinaterereka ndi thukuta n'kugwera pa kanyumba kaja. Masamba onse anangoti balala, menyu iyo! Nyimbo yolowera inalira bwino chomene, anthu anaimirira, nthungululu zinamveka, maso onse pakhomo.

Pakhomo panalibe munthu.

Inu, a Mildred anali atawabweza anthu aja kutsika masitepe, kudutsa bwalo, mpaka anakagunda galimoto imene inawabweretsa. Tina, miyendo itatopa, anakhala m'kati. Dalaivala ataona mkwatibwi wakwera anati mwambo watha, n'kumubweza komwe anamutenga, kwa makolo ake ku Msongwe.

Tinaimba foni. Anayankha ndi ankhazi ake a Tina, alongo awo a bambo ake, mayi wosaseka.

"Mwana wabwerera pakhomo pa adada ake. Amene akumufuna atume thenga, adzapemphenso."

Brave anandiyang'ana. A Lettie anandiyang'ana. Thenga uja ndinakhala ine, pa njinga yamoto, suti yanga ikuuluka, nkhuku ya chipepeso ili m'khwapa.

Nditafika ndinagwada n'kuyamba kuti, "Pepani, vuto ndi netiweki."

"Mwayamba molakwika," anatero ankhazi. "Bwererani ku geti."

Ndinabwerera. Ndinalowanso, ndinaiwala kuwomba m'manja. Ku geti! Kachitatu nkhuku inalankhula ine ndisanayambe. Ku geti! Dzuwa linkapendeka, anthu ku holo akuvina nyimbo yolowera popanda wolowa.

Tina anatuluka ndithu, ndipo lero ali ndi ana awiri. Koma kunena zoona, nditagwada pa geti paja ndinamwaza maso pabwalo ponse kufuna kanyumba koti ndingodina zonsezi zithe. Kanalipo kamodzi, kuseri kwa nthochi, ndipo munali munthu.