Mawaya a Gelevazio M'khoma la a Kadammanja

Mwambi umene mukundifunsawu chiyambi chake n'chotere, ndipo musathamangire kuseka, ana inu.

Kwa Chinsapo, kumapeto kwenikweni kumene nyumba zimagundana ndi minda, kunali bambo wina dzina lake Gelevazio. Iye, mkazi wake Nangozo ndi kamwana kawo kokwawa ankachita lendi m'nyumba ya a Kadammanja, mkulu amene anapuma ntchito yolondera akaidi. A Kadammanja sankakalipa. Ankangokuyang'ana, iwe n'kuyamba kupepesa usanadziwe chimene walakwa. Tsiku lolowa anamuuza Gelevazio kuti nyumbayo ndi thukuta la moyo wawo wonse, choncho asadzaonemo ngakhale msomali wa kalendala. Chipinda chimodzi anachikhoma loko, ankasungamo matumba awo a chimanga.

Chaka china mlamu wake wa Gelevazio anabwera kuchokera ku Joni n'kumusiyira kanema wamkulu ngati chitseko, pamodzi ndi masipika oika ngodya iliyonse. Mawaya anayanga pabalaza ponse ngati maungu m'munda. Nangozo atapeza mwana akutafuna waya wa magetsi, anauza mwamuna wake kuti asankhe, mawaya achoke pansi kapena kanemayo abwerere kumene anachokera. Apa mayiyo sanalakwe.

Munthu wanzeru akanapita kwa mwini nyumba kukapempha, kenako n'kuitana wodziwa zamagetsi. Waya wolowa m'khoma amayenda m'paipi, wa magetsi njira yake, wa masipika njira yake, ndipo polumikiza pamakhala m'kabokosi koti munthu atha kutsegula n'kuona. Koma Gelevazio ankaopa maso a Kadammanja kuposa moto. Anadikira mkuluyo atapita kumaliro ku Dowa, n'kubwereka tchizulo ndi hamala.

Anagoba ngalande m'khoma kuchokera pa soketi mpaka kusiling'i, ina kumbuyo kwa sofa, ina moyandikana ndi chipinda cha chimanga chija. Mawaya onse anawamanga mtolo umodzi ngati nkhuni. Pomwe anaperewera analumikiza ndi tizidutswa togula pamsika, towonda ngati ulusi, ndipo poti tepi inamuthera, anakulunga ndi mapepala a shuga. Simenti analibe, ndiye anatseka ngalandezo ndi timatabwa topyapyala, n'kupaka njereza pamwamba kuti zifanane ndi khoma.

Atayatsa, nyumba yonse inanjenjemera, koma timatabwa tija tinkalira kuti tetete sipika yaikulu ikagunda. Gelevazio anatitsegulanso n'kufutsiramo manyuzipepala ndi thonje la m'matilesi akale. Phokoso linatha. Munthuyo anadzitama kwa mkazi wake kuti sukulu ndi mutu, osati satifiketi. Ine ndikamafika pamenepa ndimalakalaka ndikanakhalapo ndi chikoti.

Patangopita masiku ochepa, swichi yaikulu ya pakhomo inayamba kugwa yokha. Akaikweza, igwe. Swichi imeneyo ikagwa imakhala ikukuuza kuti penapake pakutentha, koma Gelevazio anati ndi yaulesi chabe. Anadula chubu cha njinga n'kuimangirira m'mwamba kuti isadzagwenso.

Inali nthawi yoti anthu akolola ndipo anyamata akutentha tchire. Mbewa zinathawa m'minda, zinanunkhiza chimanga cha a Kadammanja, n'kupeza kuti wina wazikonzera msewu wofunda, woyalidwa thonje. M'khoma munayamba kumveka tswatswatswa. Nangozo anachita mantha kwambiri. Tsiku lina akusesa anakhudza khoma, n'kupeza likutentha ngati mwana wa malungo. Anachonderera mwamuna wake kuti aitane munthu wodziwa, koma iye anati wodziwayo ali ndi pakamwa, mawa nkhani ikafika kwa landilodi. Mbewa zikachulutsa phokoso, iye ankangokweza voliyumu.

Loweruka lina masana, mpira uli pakati, kunja kunamveka odi. Anali a Kadammanja, atabwera kudzatenga thumba la chimanga. Gelevazio anathamangira kukatsegula chitseko. Anawalonjera mpaka kugwada, nawakhazika pasofa, msana wawo utatsamira khoma lomwe lija kuti asalione. Mkuluyo anayang'ana kanema, anayang'ana pansi, n'kufunsa kuti mawaya ake ali kuti. Gelevazio anayankha kuti za ku Joni zimayendera mphepo.

A Kadammanja anakopeka ndi mpirawo, chimanga anaiwala. Posakhalitsa anatukula mphuno n'kuyamba kununkhiza. Linali fungo la ubweya wowauka, kenako la mafuta, lija limakuimitsa pamsewu wa ku Dedza.

"Kodi akuwamba mbewa ndani kuno?" anafunsa.

Gelevazio fungolo analimva kale, ndipo ankadziwa kumene likuchokera. Koma bodza silisowa malovu.

"Ndi mayi akunyumba, bwana. Atamva kuti mwabwera anati akukonzereni kandiwo."

Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'nyumbamo, anaona a Kadammanja akumwetulira. Mkuluyo anavula chipewa, natambasula miyendo, n'kunena kuti ngati pali kapuku, kambewa konona kaja, amuikire padera, sanyamuka asanalawe. Nangozo anali ataima pakhomo la kukhitchini, mwana kumsana, m'manja mulibe ngakhale mbale. Sankayang'ana mlendo. Ankayang'ana pamwamba pa mutu wa mlendoyo, pomwe njereza inali itasanduka yachikasu ndipo kautsi kakuda kankatuluka pang'onopang'ono pamng'alu.

Gelevazio anakaona kautsiko. Akanangonena kuti bwana thawani, koma m'malo mwake anatenga chipewa cha mkuluyo n'kuyamba kumukupiza, akuti kunja kwatentha. Kukupizako ndiye kunapatsa moto mpweya. M'khoma munamveka kuthetheka, kanema anaphethira, ndipo lawi linatulukira kusiling'i n'kuyamba kuyenda cha kuchipinda cha chimanga. Kambewa kena, mchira ukufuka, kanagwera paphewa la a Kadammanja.

Mkuluyo anadumpha ngati mnyamata. Gelevazio anathamangira ndowa ya madzi, ndipo apa ndi pamene pakanagwa maliro, chifukwa madzi pa moto wa magetsi amapha wothirayo. Nangozo anamukankha, ndowa inatayikira pakhonde. Mayiyo anatenga mpeni wosendera mbatata, nathamangira pa swichi yaikulu n'kudula chubu chija. Swichi inagwa nthawi yomweyo, masipika onse anangoti zii, n'kutsala kulira kwa mwana ndi kwa moto.

Anthu oyandikana nawo anafika ndi mafosholo a mchenga ndi nthambi zaziwisi. Ena anathyola loko n'kuyamba kukoka matumba, ena anakanganula timatabwa tija ndi khasu. Utsi unadzaza nyumba moti munthu sankaona mnzake, ndipo panali kanthawi kamene onse ankati yapita. Mwamwayi motowo unagonja usanafike pa mitengo ya denga, koma siling'i ya pabalaza inathera pomwepo, matumba ena anapserera, ndipo kanema anasungunuka mbali imodzi.

Utsi utachepa, makoma anaoneka mmene analili, ngalande zakuda uku ndi uku, mawaya atamatana ndi mapepala a shuga. Pansi panali mbewa zowauka bwinobwino, zina zikadali m'thonje. Gelevazio anagwada pakati pa mchenga ndi phulusa n'kuyamba kufotokoza za mwana, za mlamu wake, za tepi imene inatha. Palibe amene ankamumvera.

A Kadammanja anayendera khoma lililonse, akulikhudza ndi dzanja. Anthu amene ankawadziwa akuti sanawaonepo ali ndi mantha chotero, ngakhale m'masiku awo a kundende. Anauza Nangozo kuti iye ndi mwana atha kugona kwa mkazi wawo mpaka atapeza kolowera, koma Gelevazio dzuwa lisamulowere pamalopo. Kenako anawerama, natola mbewa imodzi kumchira, naiika m'manja mwa Gelevazio, n'kumufumbatitsa.

"Tenga ndiwo yako, ukadyere kutsogolo. Ukadzamanga yako, udzawambe mmene ungafunire. Nyumba ya mwini saotchera mbewa."