Dzanja Limene Linakokera Mankhwala Pachiwindi

Amene akukayika anyamuke pompano, asandiwonongere nkhani. Ine Chimwaza, amene ndinachoka ku Thyolo kudzawotcherera zitsulo kuno ku Mzuzu yunivesite isanakhale ndi nyumba yosanja ngakhale imodzi, sindinganame pa za moyo wa mkazi wanga.

Amake Dalitso anayamba kuwonda, maso achikasu, mimba ikutupa chakumanjaku. Atawapima anati ndi khansa ya chiwindi. Mankhwala oyamba anawathothola tsitsi, ankasanza ndi madzi omwe, koma chotupacho chili phee. Ndinalumbira pakhomo panga ku Msongwe kuti ameneyu sapita kumanda ine ndikuyang'ana.

Kenaka tinakumana ndi Dokotala Nyakaunda, mayi wofufuza za mankhwala.

"Adada," anatero, "mankhwala aja amamwazika thupi lonse, n'chifukwa chake amama akuvutika chomene. Ife tili ndi timibulu tachitsulo totchedwa nano, tochepa kuposa fumbi. Timeneti timasenza mankhwala n'kulowa mumtsempha, ndiye maginito amatikokera pachiwindi kuti tikatule katundu pachotupa pokha."

Tsiku lolandira timibuluto kuchipatala litafika, diripi ikudontha bwinobwino, kunagwa chimvula, mphezi n'kuwomba, makina a maginito aja n'kuzima. Dokotala anagwira mutu.

"Timibulu talowa kale. Popanda chotikoka tipitirira, tikatula mankhwala kumtima."

Mukumva? Ine moyo wanga wonse ndapuma utsi wa chitsulo, ndameza fumbi la chitsulo, mpaka misomali imanditsatira ndikamayenda. Ndinavula malaya, ndinatikita manja mpaka anathetheka moto, ndinaika dzanja pansi pa nthiti za mkazi wanga n'kukoka ndi mtima wonse, ndipo masupuni a m'wodi anauluka kudzandimatirira kumsana, kenaka makiyi a alonda, kenaka malata a ku Lupaso analowera pawindo ngati akhwangwala, makasu a ku Kaning'ina anabwera ndi dothi lawo lomwe, njinga za kabaza zinafika zikubwerera chambuyo okwera ali pompo akukuwa, ndipo chimakina chokwezera zitsulo panyumba yatsopano ya yunivesite chinawerama n'kuloza bedi lathu. Ndikulumbira, mawondo anga analowa mu simenti!

"Adada, lekani, mufa!" anakuwa namwino.

"Ndifa mawa," ndinayankha. "Lero ndili pa ntchito."

Maso a wowotcherera amaona zimene inu simungaone. Ndinatiwona timibuluto kupyola khungu, tili pamzere, kalikonse ndi kamtolo kake pamutu. Tina tinali titasochera kale mpaka kuchala cha phazi, ndinatikalipira, tinabwerera tikuthamanga. Tonse tinaunjikana pachotupa n'kutula, ndipo chinthu chimene chinali ngati papaya chinaphwa n'kukhala ngati ndimu, ngati mtedza, ngati kanjere ka mpiru. Dzanja likupsa, msana ukuthyoka, thukuta likuyenderera mpaka pakhonde, koma sindinasunthe kufikira kamubulu komaliza katapereka zake. Mukumva?

Amake Dalitso anatsegula maso n'kupempha tiyi. Munthu wosanza madzi uja, tiyi! Ndinalira, ndipo misozi yanga inagwa pansi ikulira ngwe ngwe ngwe ngati mabawuti.

"Yewo chomene, adada," anathokoza Dokotala m'Chitumbuka, akumatula sizasi yake paphewa panga.

Madzulo onsewo anthu anali pamzere kudzatola katundu wawo kumsana kwanga. Amuna awiri anatsala pang'ono kumenyana polimbirana wilibala.

Lero mayiwo ndi awo akukolopa pakhondewo, tsitsi linamera, amandizazira monga kale. Mukawafunsa akuuzani kuti makina anayakanso posachedwa, kuti anawachiritsa ndi adokotala, ndi kuti chimene akukumbukira n'chakuti dzanja langa linali panthiti pawo likunjenjemera. Iwo anali m'tulo, ine ndinali maso. Kunjenjemera kumene akunenako inali mphamvu ikudutsa, ndipo mudziwe kuti chotupa chija chikadzangoyerekeza kubwerera, dzanja lake ndi lomweli, ndipo lamanzereli sindinaligwiritse ntchito n'komwe.