Jipiyesi ya Mkamwini pa Njinga Yanga

Ine Zuze ndakalambira mu Blantyre muno. Unyamata wanga wonse unathera pa ntchito ya umesenjala, kuyenda wapansi ndi makalata a anthu kuchokera m'tauni mpaka ku Limbe, ndipo tsiku londipumitsa anandipatsa chiyani? Wotchi yapakhoma ndi kundiwombera m'manja basi. Ndiye ndinagula njinga yamoto yakale, n'kuyamba kabaza pa siteji ya ku Chitawira, pakati pa anyamata amene sadziwa n'komwe kupereka moni. Munthu akabwera amathamangira iwowo, ati madala amayenda ngati akuperekeza maliro.

Kasitomala wokhazikika ndinali naye mmodzi yekha, Mayi Alufandika a ku Naperi, akwathu ku Nsanje, amene amaphika makeke a maukwati. Iwowo ankandikonda chifukwa cha kuyenda pang'onopang'ono komweko. Amakhala kumbuyo, katoni ya keke pamiyendo, ine n'kumazemba maenje. Kutaya mayi amenewa, kwa ine ndiye kuti njinga ikaimikidwe kuseri kwa nyumba.

Tsono mkamwini wanga, uja amagwira mu ofesi n'kumandilankhula ngati ndine mwana wa sukulu ya mkaka, anagulitsa galimoto yake n'kutsala ndi kachipangizo kolozera njira, akuti jipiyesi. Kali ngati foni yaikulu, kamaonetsa muvi, ndipo muli mzimayi wolankhula Chingerezi cha m'mphuno.

"Bambo, tengani aka," anatero. "Mukangotsatira muvi simungasochere. Kamadziwanso njira zachidule zimene inu simukuzidziwa."

Zimene ine sindikuzidziwa! Koma mumtima ndinati, anyamata a pa siteji aja aone kuti madala nawonso ali ndi zamakono.

Loweruka la sabata imeneyo kunali keke ya chinkhoswe yopita ku Mpingwe, kuseri kwa Limbe. Lachisanu mkamwini anadinadina n'kulowetsa malowo, makaniko wa pa msika n'kundilumikizira waya ku batire. Chinatsala n'kukamangirira pa njinga, ndipo pamenepo ndinati ndichita ndekha, si za masamu izi.

Kachipangizoka kali ndi kamphira kokakamira pa galasi la galimoto. Nanga njinga yanga galasi ilitenga kuti? Ndinakakanikiza pa thanki, kanagwa. Ndinalavulira malovu pa kamphirako, kanakhala pang'ono, nditangoliza injini kanatsetsereka mpaka m'fumbi. Ndinayesa pa kagalasi koonera kumbuyo, kagalasiko n'kuwerama ngati kapalamula. Aaa! Ndinataya kamphirako padenga n'kudula malegeni ku chubu chakale. Chimene malegeni alephera kumanga m'dziko muno sichinapangidwe.

Kenako ndinayang'ana kumwamba. Unali Disembala, mitambo itaunjikana pa Soche. Mkamwini anali atanena kuti dontho limodzi lokha likalowa, kafa. Ndinalowa kukhitchini n'kutenga kontena yoonekera mkati imene akazi anga amasungiramo mchere, mcherewo n'kuukhuthulira m'mbale. Ndinaboola pansi ndi msomali wamoto kuti waya adutse. Koma kabowo kolowetsera waya pa chipangizocho kanali pamwamba, kuyang'ana kumene mvula imachokera. Azungu nzeru zawo! Ine ndinangokatembenuza kuti kabowoko kayang'ane pansi. Ndinatseka chivindikiro, n'kudonthezera phula la kandulo kuzungulira konse, n'kukulunganso ndi pulasitiki kawiri, kenako malegeni pa chiwongolero, ndi! Ngakhale Shire atasefukira pamenepo sakanalowa.

Mzimayi wa Chingerezi uja anangoti zii m'kontenamo, mawu osatulukanso. Ndinati zili bwino, nanga ndimamumva n'kale? Zilembo nazonso sindinavutike nazo, sukulu ndinalekezera sitandade 3 ndipo magalasi anga anasweka chaka chatha. Muvi wokha ndiwo unkaoneka bwinobwino.

Loweruka m'mawa ndinafika ku Naperi. Mayi Alufandika anatuluka atatchena, katoni m'manja.

"A Zuze, mwayamba kugulitsa mandasi?"

"Ndi jipiyesi iyi, mayi. Lero tiyenda mwa sayansi."

"Sayansi yanuyo ikafike isanakwane 10 koloko. Keke iyi ndi ya mwana wa abusa."

Tinadutsa Chitawira bwinobwino, anyamata a pa siteji maso ali pa kontena, ine khosi gwa. Titafika pa msewu waukulu ku Chichiri, mwana aliyense amadziwa kuti Limbe ndi kumanja. Muvi unaloza kumanzere. Ndiye mukuganiza kuti ndinatani? Munthu amene ndinathera nsapato pa msewu umenewu, ndinakhotera kumanzere, kulowera m'tauni.

"A Zuze! Ku Limbe ndi uko!"

"Khalani phee, mayi. Kaona mzere wa magalimoto kutsogolo, kakutizembetsa."

"Kaona bwanji kali m'kontena ya mchere?"

Muvi unaloza kwina, ndinatsatira. Unalozanso, ndinatsatiranso. Pa raundabauti ina tinazungulira katatu mpaka kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo, "Madala, mwataya chani pamenepo? Tikuthandizeni kufuna?" Posakhalitsa tinali ku Ginnery Corner, kenako m'tauni mwenimweni, kenako tikukwera kulowera ku Nyambadwe. Mtima unkandiuza kuti Zuze, Mpingwe ili kumsana kwako. Koma ndikakumbukira nkhope ya mkamwini akunena za njira zimene sindikuzidziwa, ndinkati mwina boma linalambula msewu wina ine osamva. Nanga amatiuza ife?

Foni ya mayi inayamba kulira osalekeza. Ndinkangomva kumbuyo, "Tili pafupi, amayi abusa, tili pa Maselema pompa." Maselema! Ife tili ku Nyambadwe. Munthu wa Mulungu kunama chifukwa cha ine.

Pamenepo mvula inati ndabwera. Osati yowaza ayi, ija imagwa ngati wina wakutayira ndowa.

"Imani! Tulutsani pulasitiki ija timafunditsa keke!"

Anzanga, ndinaima, koma ndinalibe choti nditulutse. Pulasitiki yofunditsa keke ndi imene ndinaidula dzulo lake n'kukulungira kontena. Ndinangoloza ndi chala pa chiwongolero. Mayi anayang'ana kontena, anayang'ana ine, n'kusiya Chichewa kuyamba Chisena. Kwathu munthu akakusinthira chilankhulo ndiye kuti zafika. Anatchula agogo anga, anatchula mudzi wathu wonse. Anavula chitenje chawo chatsopano n'kufunditsa katoni, ine ndinavula jekete n'kuwonjezera, n'kuthamangira pa khonde la golosale ina titanyowa ngati nkhuku.

Titaima pamenepo, madzi akuchucha, mayi anawerama n'kupukuta chivindikiro cha kontena ndi chala. Anayang'anitsitsa. Anapendeketsa mutu mpaka duku linatsala pang'ono kugwa.

"A Zuze, zilembozi bwanji zaima ndi mutu?"

"Ndi mmene amalembera azungu."

"Mwachizondotsa chinthuchi! Chikati kumanja inu mukuona kumanzere! Chakhala chikukuuzani kuti mubwerere kuyambira ku Chichiri!"

Mwini golosale anaseka mpaka anagwira kauntala. Ine ndinangoyang'ana kachipangizo kaja m'kati mwa kontena, kouma gwa, kofunda bwino, kosakhudzidwa ndi dontho ngakhale limodzi, pamene ine madzi akuyenderera mpaka m'kabudula wamkati. Ntchito yoteteza mvula ndiye ndinaigwira, zimenezo musanditsutse.

Mvula itachepa ndinazula waya, n'kuyendetsa ndi mutu wangawu, ndipo sindinaphonye ngakhale kona imodzi. Tinafika ku Mpingwe anthu atayamba kale kufupa. Katoni inali itafewa ngati mkate woviika mu tiyi, ndipo keke mbali imodzi inali itatsamira, maluwa ake atatsikira pansi. Mayi Alufandika analowa nayo kukhitchini, anaikonza ndi mpeni ndi supuni, mbali yophwanyikayo n'kuiyang'anitsa kukhoma. Amayi abusa sanandipatse moni, ngakhale fanta. Pobwerera mayi anakwera minibasi osandiyang'ana.

Masabata awiri foni yanga inali zii. Ndinkakhala pa siteji kuyambira m'mawa, anyamata akundifunsa ngati kontena ilinso ndi mchere wogulitsa. Kunyumba akazi anga osandilankhula chifukwa cha bowo la msomali lija. Mkamwini atamva anangoti, "Koma bambo, simunaone kuti zilembo zatembenuka?" Ngati anandilipirira sukulu ndi iyeyo!

Sabata yachitatu foni inalira.

"A Zuze, bwerani mawa. Ndayesa anyamata anuwa, andiphwanyira makeke awiri. Koma mumve bwino. Pa njingapo ndisaonepo kontena, ndipo njira sindikusiyiraninso. Ndikamenya phewa lamanja, mukhotere kumanja. Ndikamenya lamanzere, kumanzere. Ndikakoka kolala, muime."

Ndiye ndi mmene tikuyendera mpaka lero. Ine Zuze, amene ndinkadziwa khomo la ofesi iliyonse mu mzinda uno Mayi Alufandika asanaphunzire kuswa dzira, ndikuwongoleredwa ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo dzanja la mayi amenewa ndi lolemera, lozolowera kukanda ufa. Ngakhale pokhotera kunyumba kwawo komwe amamenyabe. Phewa lamanja latupa, koma ndingadandaule kwa yani?

Ndalumbira pamaso pa akazi anga: mkamwini akadzabweranso ndi chinthu chokhala ndi waya, kaya chilankhule Chisena chenicheni, ndidzamuuza kuti akamangirire pa njinga ya bambo ake.