Kavalo Wachira Osandifunsa

Lolemba, pa 9 Juni

Abwana andiyitana kukhola m'mamawa, chifunga chisanachoke. Nkhani ndi ya Mphepo, kavalo amene ndimasamala kuno ku loji. Ali ndi chotupa pachifuwa, chachikulu ngati peyala, ntchentche osachokapo. Dokotala wa ziweto amati ndi sakoyidi, njerewere za akavalo. Alendo akachiona amakana kukwera. Mtengo wochidula abwana aumva, akhala pansi. Akuti: "Chikakhalapobe Lamulungu, mumutenge, ndi wanu. Ndatopa naye."

Kavalo, ine! Wongani wanga ali ndi miyezi inayi, malipiro safika pakati pa mwezi. Pulani:
khola kuseri kwa nyumba ku Msongwe
chitenje chamaluwa chophimba pachifuwa
maukwati, mkwati azifika pakavalo
ana azijambulitsa, kulipira kaye.

Chotupa chingokhala pomwe chilipo mpaka Lamulungu. Chakhalapo chaka chonse, chingalephere sabata?

Lachiwiri

Wapampando wa ukwati wina ku Chiputula wandipatsa kale dipoziti, akuti mkwati wawo akhala woyamba mu Mzuzu kufika pakavalo. Ndagula matabwa a zigwagwa, otsalira pocheka aja, misomali, madeya thumba limodzi. Ndalama zatha.

Madzulo ndikupesa Mphepo, chotupa chikuoneka chofota. Ndi kuzizira basi. Juni amafotetsa chilichonse.

Lachitatu

Si kuzizira. Chili ngati dzira! Ndiye kuti chinayamba kale kuchepa, ine osaona. Ndapanikiza mlonda ngati akupaka kanthu. Akuti: "Ine kavalo nimamuopa chomene, adada, ningamugwire pachifuwa?"

Chaka chonse ndapakapo phulusa, mchere, oyilo wakuda wa galimoto. Sichinasunthe, chimangonenepa. Lero ndikuchifuna, chayamba ulendo. Ulemu wake uli pati?

Khola ndakhoma mbali ziwiri. Chala ndachimenya ndi hamala.

Lachinayi

Ngati ndimu. Chauma pamwamba, ntchentche zasamuka.

Kunyumba mayi a Wongani akundilandira akumwetulira. "Munati kavalo wa kuntchito akudwala, ndiye lero tamupempherera ku mapemphero a amayi." Anawatuma ndani? Denga likudontha, mwana akutsokomola, alandilodi sakuyankhanso moni wanga, amayi mpingo wonse asankha kavalo! Ndafotokoza pulani yonse. Akuti: "Ndiye matabwawa ndimayesa mukumanga bafa. Mukanakamba." Ndimafuna adzangoona ndikulowa pageti ndili pamsana.

Ndapempha abwerere akakonze pempherolo. Andiyang'ana, andipatsa mwana, atuluka.

Lachisanu

Dokotala wabwera kudzabaya agalu katemera. Waona Mphepo, wavula magalasi, wavalanso. "Zimachitika. Nthawi zina thupi limalimbana nacho lokha, chimangouma. Koma si kawirikawiri, muli ndi mwayi."

Mwayi!

Ndafunsa mwaulemu ngati chingabwererenso. Akuti mwina chaka chamawa, mwina osabweranso. Ndafunsa ngati chingabwerere mawa. Waseka mpaka kutsokomola, akuyesa nthabwala. Sukulu yonse ija, munthu osatha kuimitsa chotupa masiku awiri.

Loweruka

Chagwa. Ndachipeza pa udzu, chakuda, chokwinyika ngati bwemba louma. Pachifuwa pangotsala kachipsera kofiirira.

M'sitolo ya loji muli guluu wa nsapato. Ndaima ndikuganiza: kodi abwana amayang'anitsitsa? Ndisanamalize kuganiza, tambala wa mlonda watulukira, wachitola, ulendo. Ndamuthamangitsa mpaka ku mpanda. Wameza akundiyang'ana.

Mphepo akudya madeya mosangalala. Chaka chonse ndamupirikitsira ntchentche, ndamufunditsa chiguduli changa nthawi yozizira. Kuthokoza kwake ndi kumeneku.

Lamulungu

Abwana agwira pachifuwa, aitana akazi awo, onse kujambula. "Yewo chomene, muli ndi manja abwino!" Andipatsa magambutsi akale, onse akumanzere. Alendo a ku Lilongwe akwera kale Mphepo kawiri, ine ndikugwira chingwe ngati kale.

Kunyumba khola laima mbali zitatu, mayi a Wongani ayanikapo matewera. Akuti ndi lolimba bwino.

Wapampando wabwera atatuluka ku tchalitchi. Ndamuuza kuti kavalo wachira. Akuti: "Zabwino zimenezo!" Ndafotokozanso pang'onopang'ono. Wasiya kumwetulira. Mkwati akwera kabaza womangidwa maluwa. Thumba la madeya walinyamula, akuti achotserapo pa dipoziti.

Zotsala ndi 38 sauzande, ndibweze pofika pa 28.